Mfuti Yaitali ya a Yotamu

Bambo aakulu a Yotamu tinawaika mwezi wathawu ku Lirangwe, kumanda a kwawo kuseri kwa njanji. Anthu anabwera ndithu, koma ambiri sankadziwa n'komwe kuti dzina lawo la ubatizo linali Yotamu. Wakabaza wina anandiimitsa pa msewu n'kufunsa kuti, "Amayi, maliro a a Chiphagalu ali pati?" Ndinamulozera osakwiya, chifukwa ngakhale eni akewo ankavomera akaitanidwa choncho. Ine ndinkawatchula bambo aakulu popeza anakwatira mayi aakulu a Esinati, akulu awo a amayi anga, ndipo ndinakulira khomo loyandikana ndi lawo ku Chileka, mbali ya kwa Kuntaja.

Pa maliropo maso a anthu sanali pa bokosi. Aliyense ankabera kuyang'ana achimwene a Fanuwelo, mwana wawo yekhayo, kuti aone ngati alire. Zinali zodziwika kuyambira ku Chileka mpaka ku Lirangwe kuti bambo ndi mwanayu sanadyerepo mbale imodzi chimwalirire mayi aakulu, ndipo si dzulo limenelo. Ine ndinali ndi mwana woyamba kumbuyo, lero mwanayo nayenso akubereka wake. Zaka zonsezo achimwene ankangofuna chinthu chimodzi kwa bambo awo, kuti awauze ndi pakamwa pawo kuti alibe nawo mlandu. Anthu akhala akundifunsa ngati mawuwo anatuluka nkhalambayo isanatsikire kuli chete. Ndimasowa poyambira, chifukwa ndikati ee ndanama, ndikati ayi ndanamanso.

Ntchito ya bambo aakulu inali yowombera agalu. Kale chiwewe chikabuka, a ofesi ya ziweto ankalengeza m'misika ndi m'matchalitchi kuti aliyense amange galu wake, ndipo galu wopezeka akuyendayenda ankaphedwa. Wakuphayo ndiye anali iwowo. Ankapalasa njinga kuchokera ku Chileka, kudutsa Lunzu, Lirangwe mpaka Mdeka, mfuti atakulunga m'chiguduli n'kumangirira pa felemu. Ana akangoona chipewa chawo patali ankathawira m'nyumba atabisa tiagalu m'malaya. Mayi wina anawalavulira pa nsapato atamuphera galu wake wosaka mbewa, iwo anangovula chipewa n'kunena kuti pepani, kenako anapempha khasu n'kukumba okha dzenje.

Choseketsa n'chakuti sindinaonepo munthu wokonda agalu ngati iwowo. M'matumba a jekete lawo munkanunkha usipa chaka chonse, chifukwa ankasungamo timitu toponyera galu aliyense wokumana naye, ndipo mayi aakulu ankachapa jeketelo akunyinyirika kuti anakwatiwa ndi msika wa nsomba. Sankalola kuti galu aphedwe ndi chibonga kapena mankhwala. Ankati wolakwa ndi matenda, galuyo sanalakwe, ndiye ngati akuyenera kufa afe asakudziwa kuti akufa. Kunyada kwawo konse kunali pamenepo, kuti pa ntchito yawo yonse panalibe galu amene anafunika chipolopolo chachiwiri. Munthu wina amanyadira malata, wina ng'ombe. Iwo ankanyadira zimenezo, ndipo kunena zoona nthawi zina ankatitopetsa nazo.

Ku tchalitchi anakanganapo ndi akulu anzawo atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Ena ankang'ung'udza kuti manja okhetsa magazi sabata yonse asamagawe mgonero Lamulungu. Bambo aakulu sanakweze mawu. Anangopempha kuti amene anadya mbuzi yofa yokha pa Khisimisi aimirire, ndipo popeza panalibe woimirira, nkhani inathera pomwepo. Khutu lawo lamanzere linali logontha chifukwa cha kulira kwa mfuti, koma tonse tinkadziwa kuti limagontha kwambiri munthu akamanena zimene iwo sakufuna kumva.

Mfuti yawo inali yaitali koma yaing'ono pakamwa, moti anyamata ankaiseka kuti ndi yophera mpheta. Zipolopolo zake zinali zowonda ngati kachidutswa ka pensulo. Zinalipo zazifupi, zimene ankati n'za nkhanga, ndi zotalikirapo zokhala ndi wonga wambiri, zimene ankazitchula maginamu. Za agalu zinali zimenezo. Ankationetsa makoko ake akatha kuwombera, kuti tione kachipsera m'mphepete, chifukwa kamsomali ka mfuti yotere kamamenya chipolopolo m'mbali, osati pakati ngati mfuti za asilikali. Galu wokayikiridwa chiwewe sankamuwombera m'mutu, popeza mutuwo unkatumizidwa m'tauni kukapimidwa. Ankalunjika kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pamene pali mtima, ataima patali ndithu, pakuti galu wachiwewe sumuyandikira. Kuti kanthu kakang'ono choncho kafike pa mtima kuchokera patali, kankayenera kuthamanga kwambiri.

Nkhani ya liwiroyi ndi imene inkawayambanitsa ndi a Sikelo pa bawo, pa khonde la golosale ku Chileka. A Sikelo anakhalako ku Joni, ndipo anabwerako ndi nthano zambiri kuposa katundu. Iwo ankalumbira kuti mfuti yoopsa padziko lonse ndi kavolovolo, kamfuti kam'manja kaja, chifukwa kakalira makutu amatseka ndipo moto umaoneka kukamwa kwake ngakhale masana. Anthu ambiri ankagwirizana nawo, pakuti kwathu mfuti timaiyeza ndi phokoso.

Bambo aakulu ankasiya kaye njombwa za bawo n'kuyamba phunziro lawo. Ankati wonga supsa nthawi imodzi ayi, umapsa uku ukukankha chipolopolo, ndiye mpope wa mfuti ukakhala wautali wongawo umakankha mpaka kutha mphamvu zake zonse. Mu mpope waufupi chipolopolo chimatuluka wonga usanathe kupsa, wotsalawo n'kukapsera kunja. Moto ndi chiphokoso zimene a Sikelo ankazitamazo ankati ndi mphamvu yotayika, ndipo kavolovolo kamatayanso ina pa mpata umene uli pakati pa mpope ndi kogona zipolopolo kozungulira kaja. Ankayerekeza ndi minibasi yozima. Anthu oikankha akhale omwewo, koma akaikankha mtunda wautali imalira, akangoikankha pang'ono n'kuisiya imaima pomwepo. Chipolopolo chimodzimodzi, chochokera mu bokosi limodzi, mu mfuti yaitali chimafika chili ndi ukali, mu yaifupi chimafika chitatopa, chitatsika pansi, ndiponso kulunjika kwake n'kovuta. Wogwira yaifupi, ankatero, azisendera pafupi mpaka amve fungo la chinthucho.

Phunziro limeneli analimva a Sikelo, analimva abusa, makondakitala a minibasi, ngakhale ife akazi pogaya chimanga. Munthu mmodzi yekha ndi amene sanalimvepo, ndiye achimwene a Fanuwelo. Bambo aakulu analumbira kuti mwana wawo sadzatchedwa Chiphagalu. Ankafuna adzavale tayi, adzakhale mu ofesi, ana asamadzamuthawe. Akamapukuta mfuti achimwene n'kutulukira, ankaikulunga msanga n'kuwatuma kumjigo. Akamakamba za mipope pa bawo achimwene n'kufika, ankasintha nkhani n'kuyamba za mvula. Anaiwala kuti mwana ukamutseka makutu maso amakhala akuona, ndipo achimwene anakula akutsatira bambo awo chapatali, kuonerera mmene amaimira ndi pamene amalunjika.

Sukulu sinawayanje achimwene. Anakapeza ntchito ya ukapitawo pa famu ina ya ng'ombe cha ku Mdeka, ndipo chifukwa cha akuba ng'ombe mwini famuyo anawapatsa kavolovolo kuti aziyenda nako. Tsiku limene anabwera nako kumudzi ine ndinalipo, tikutongola chimanga pa bwalo. Anatulutsa chipolopolo chimodzi, nkhope ikuwala, n'kugwada pafupi ndi bambo awo.

"Ababa, taonani. Si zomwe zija zanu izi? Maginamu."

Bambo aakulu anachitenga, anachitembenuza pakati pa zala kwa kanthawi, ndipo ine ndinaganiza kuti phunziro lija layamba. Koma anangochibweza.

"Bweza m'thumba. Pano pali ana."

Anatenga khasu n'kulowera kudimba.

Ndisanafike pa tsiku loipa limene linalekanitsa bambo ndi mwana, ndinene za zaka za ku Lirangwe, chifukwa ndi zimene ndinaziona kwambiri. Mayi aakulu atamwalira, titameta, amalume athu anauza bambo aakulu kuti angathe kukhalabe pa mudzi, popeza anali mkamwini wopanda chifukwa ndi munthu. Iwo anakana. Anapempha kuti awasudzule, anamanga Baibulo ndi khasu pa kaliyala, n'kubwerera kwawo ku Lirangwe, kumene adzukulu a mlongo wawo anawamangira kanyumba. Patapita zaka inenso banja linanditengera komweko, ndiye ndinkawatungira madzi ndi kuwachapira.

Mwezi ukatha achimwene ankabwera, poyamba pa njinga, kenako pa minibasi. Ankafika ndi shuga, sopo ndi mchere, n'kugwada pa bwalo. Bambo aakulu ankalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpando wa alendo.

"Khalani apa, a Fanuwelo. Mwayenda bwanji, bambo?"

"Ndayenda bwino, ababa, kaya inu mwatsala bwanji?"

"Tilipo. Mvula kwanuko ikugwa?"

Mwana wobereka okha, amene kale ankamuitana kuti iwe, tsopano anali a Fanuwelo. Ankafunsa za mvula, za mbewu, za mtengo wa feteleza, maso ali pansi, ndipo chakudya chikabwera ankati adya kale. Dzuwa likapendeka ankati muyende bwino. Kutukwana kukanakhala bwino, chifukwa wotukwana umamuyankha. Ulemu umenewu unkandiwawa ine woonerera, nanji achimwene. Kangapo ndinawapeza ataima okha pa siteji, minibasi zikudutsa osakwera.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinati, "Bambo aakulu, inu mumayanjanitsa mabanja a anthu ku mpingo, koma mwana wanu mukumuzunza chonchi mpaka liti? Mulungu amene mumamulalikayo ndi wa anthu ena okha?" Ananditembenukira ndi khutu lamanzere n'kufunsa ngati nandolo wakwera mtengo pa msika. Ndinachoka nditakwiya, ndipo ndinatha sabata osapondako. Bambo aakulu sanawetenso galu. Agalu a pa msika ankawatsatirabe mpaka pakhomo, iwo n'kumawaponyera miyala mophonyetsa dala.

Galu wawo womaliza dzina lake linali Adzatopa, dzina loyankha anthu amene ankawajeda. Anamupeza atapuma kale pa ntchito, mfuti atabweza ku ofesi. Anali galu wofiira, waulesi, wokonda kugona pa mapazi a mayi aakulu akamasankha nyemba. Chaka cha tsiku loipa lija, m'nyengo yotentha mvula isanagwe, Adzatopa anabwera m'mawa wina khutu litang'ambika. Katemera wa agalu anali asanafike kwathu kwa nthawi yaitali. Bambo aakulu sanachedwe, anamumanga pa mtengo wa mango ndi chingwe cha khonje, n'kumamupatsa okha chakudya ndi madzi, kudikira kuti aone.

Anaona. Kuuwa kunasintha, dovu linayamba kutuluka, galu anayamba kuluma miyala ndipo dzina lake analiiwala. Amuna a pamudzi anabwera ndi zibonga. Bambo aakulu anaima pakati pa iwo ndi mtengo wa mango, n'kunena kuti galu ameneyu sanabepo nkhuku ya munthu, safa ngati mbava. Anati apita ku Lirangwe kwa a Mateyu, mnzawo wa pa ntchito amene anali adakali ndi mfuti yaitali ya chilolezo, ndipo pofika masana akhala atabwera.

Mayi aakulu anawatsatira mpaka pa njinga.

"Abambo a Fanuwelo, aloleni anthuwa athane naye. Pakhomo pano pali ana."

"Chingwecho ndamanga ndine. Munthu asayandikire basi."

Ananyamuka kum'mawa kukuyera. Dzuwa litakwera achimwene anatulukira, atamva nkhaniyo kwa anthu a pa msewu. Anaima n'kumuyang'ana Adzatopa nthawi yaitali.

"Amama, ababa asaphe okha galu wawo. Zidzawapweteka moyo wonse. Akabwera apeze zatha."

"Iwe, dikira bambo ako. Anena kuti munthu asayandikire."

"Sindiyandikira ayi. Chipolopolo chake ndi chomwecho, amama. Ndawaonapo kambirimbiri."

Sanachite mwamwano, ndipo ndimafuna anthu azimva zimenezi. Anachita chifukwa chokonda bambo awo. Anabwerera m'mbuyo mpaka pa nkhokwe, anaima chammbali monga ankaimira bambo aakulu, n'kulunjika kuseri kwa mwendo wakutsogolo. Kamfutiko kanalira kuposa mmene mfuti ya bambo aakulu inalirirapo, ndipo moto tinauona ndithu ngakhale kunali dzuwa. Galu anagwa. Kenako anadzuka. Chipolopolo chinali chitatsika n'kumulowa m'mimba, ndipo kulira kumene analira sindikufuna kukufotokoza. Anadzikoka mwamphamvu, chingwe chimene anakhala akuchitafuna chinaduka. Achimwene anawomberanso, fumbi lokha n'kubuka.

Adzatopa anathamangira kukhitchini, kumene ndinali nditakhazika mwana wanga pamodzi ndi ana a mng'ono wanga. Ine ndinangokuwa. Mayi aakulu ndi amene anadumphira kutsogolo ndi lichero m'manja. Galu anagunda licherolo, anagwa, n'kukhotera m'munda wa nandolo. Tinathamangira mayi aakulu.

"Wakulumani?"

"Ayi, wangokanda licheroli. Tengani ana mulowe m'nyumba."

Anakokera chitenje pa mkono n'kuyamba kutola chimanga chimene chinatayika.

Bambo aakulu anafika masana monga ananenera, a Mateyu ali pambuyo ndi mfuti. Anaona chingwe chopanda galu, anaona magazi, anaona kavolovolo m'manja mwa mwana wawo. Sanakalipe. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Unaima pati?"

Achimwene analoza pa nkhokwe. Bambo aakulu anayang'ana nkhokweyo, anayang'ana mtengo wa mango, anayang'ananso nkhokwe, nkhope yawo n'kugwa ngati munthu wolandira uthenga wa maliro. Anatenga mfuti kwa a Mateyu n'kutsata magazi. Anakamupeza Adzatopa kudambo dzuwa likupendeka, akudzikwakwaza m'bango. Tinamva mfuti yaitali ija ikulira kamodzi, mopepuka. Anamukwirira okha, ndipo atabwera anayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati pali amene walumidwa kapena kukandidwa. Kwa mkazi wawo anafunsa kawiri.

Mayi aakulu anaseka. "Ine mkazi wa Chiphagalu ndingalumidwe ndi galu? Tasambani mudye."

Dzino linali litawadula pang'ono pa mkono, pafupi ndi chikhatho. Anatola ubweya umene unatsalira pa chingwe, anauwotcha n'kupaka phulusa lake pa balalo, monga ankachitira makolo athu. Si kuti za jakisoni sankazidziwa. Anakhala ndi wowombera agalu moyo wawo wonse, ankazidziwa kuposa ife tonse. Koma anauza amayi anga mwamseri kuti kupita kuchipatala ndiye kuulula, ndipo a Yotamu akadziwa kuti kuphonya kwa Fanuwelo kwalumitsa amake, bambo ndi mwana sadzayang'anananso. Anati kabala kake n'kakang'ono, Mulungu aona. Anawalumbiritsa amayi anga kuti asanene, ndipo amayi anga anapita kumanda akudzitemberera chifukwa chosunga lumbirolo.

Mvula inagwa, tinabzala, tinapalira. Tonse tinali titaiwala. Kenako mayi aakulu anayamba kudandaula kuti mkono ukuyabwa, mutu ukuwawa. M'mawa wina bambo aakulu anawapatsa madzi m'kapu, iwo n'kuikankha uku khosi likukokeka. Panalibe munthu m'boma lonse la Blantyre amene akanazindikira msanga kuposa mwamuna wawoyo. Anawagwira mkono, anakweza chitenje, anaona kachipsera. Anathamangira nawo ku chipatala chachikulu m'tauni, koma chiwewe chikafika pamenepo palibe dokotala amene amachibweza. Anamwalira chimanga chisanamasule.

Kuyambira pamenepo aliyense anadziwa, kapena ankaganiza kuti akudziwa, chimene chinali mu mtima mwa a Yotamu. Mwana anaphonya, amake anafa, bambo sanakhululuke. Achimwene eni ake ankakhulupirira zomwezo. Kavolovolo anakabweza, ntchito ya ku famu anaisiya, anayamba kulima ndi kuwotcha njerwa ku Chileka. Sanadziikirepo kumbuyo ngakhale kamodzi. Ankangoti, "Ndinapha amama, ababa akulondola." Inenso ndinkaganiza choncho, ndipo ndinkaiona nkhalambayo ngati munthu wouma mtima.

Chaka chathachi mutu wa bambo aakulu unayamba kusokonekera. Maso anachita ng'ala, ndipo anthu amoyo ankawaitana ndi mayina a akufa. Ine masiku ena ndinali Esinati, masiku ena mlongo wawo. Atayamba kulephera kudzuka ndinaimbira foni achimwene, ndipo anabwera tsiku lomwelo masana. Nawonso tsopano ndi munthu wa imvi, wovala chipewa ndi jekete. Tinali titawatulutsa bambo aakulu pa khonde kuti awothere dzuwa. Achimwene anagwada monga mwa nthawi zonse, koma nkhalamba inakweza mutu n'kumwetulira, kumwetulira kumene sindinakuone kwa zaka.

"Mateyu, wabwera?"

A Mateyu anamwalira kalekale. Achimwene anandiyang'ana.

"Ndabwera," anayankha.

"Khala pano, aise." Anagunda pa mphasa pambali pawo, ndipo achimwene anakhala. Bambo aakulu anafufuza dzanja lawo n'kuligwira.

"Mateyu, iwe unalipo tsiku lija. Unaona pamene anaima mwana uja? Pa nkhokwe. Ndi pamene ndikanaima ine, osasiyana ngakhale phazi. Anaphunzira yekha, ndi maso. Ine za mpope wautali ndi waufupi ndinauza dziko lonse, iwe ndinakutopetsa nazo. Koma iye anandiikira chipolopolo m'manja, atagwada, ine n'kunyamula khasu. Ndikanangomuuza kuti kamfuti kako si kanga, ukaima patali sikafika. Basi. Sindinamuuze."

Anapuma, chifuwa chikulira.

"Ndipo galu uja ndinamusiya ndine. Esinati anandiletsa, ine ndinafuna afe bwino, anthu asadzati Yotamu anaphetsa galu wake ndi chibonga. Ndinasankha galu, Mateyu. Ndiye mwana uja amabwera ndi shuga, kudzagwadira ine wopha amake. Ndimuyang'ana bwanji? Ndimati mwezi uno ndimuuza, akafika pakamwa n'kulemera. Iwe ukamuona umuuze kuti alibe mlandu. Sanakhalepo nawo. Umuuze abwere, asaope."

Achimwene anatembenukira kwa bambo awo. Anavula chipewa, anasendeza nkhope yawo pafupi ndi maso akhunguwo.

"Ababa, ndine. Ndine Fanuwelo."

Bambo aakulu anawasisita kumutu, n'kuseka pang'ono.

"Usandiseke, Mateyu. Fanuwelo ndi mnyamata. Iwe imvi zili mbuu."

Achimwene anayesanso kawiri. Ine ndinayesa, ndinalankhulira ku khutu labwino lija, koma nkhalamba inayamba kukwiya kuti tikuichedwetsa. Pomaliza achimwene anapukuta m'maso n'kunena motsitsa mawu.

"Chabwino. Ndikamuuza."

"Upite lero lomwe," anatero bambo aakulu.

Achimwene sanabwerere ku Chileka. Anakhala pamenepo masiku onse otsalawo, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi sipuni. Bambo aakulu ankalandira phalalo osafunsa kuti akuwadyetsa ndani. Anatiuza kuti tisunthe mphasa yawo iyang'ane kukhomo, ndipo chitseko tichitsekule n'kuikapo mwala kuti mphepo isachitseke, chifukwa Mateyu wapita kukaitana Fanuwelo ndipo mwanayo akapeza potseka abwerera. Akamva phazi panja ankakweza mutu. Akamva minibasi ikuima ku msewu ankati takaonani. Anamwalira m'mawa wina nkhope ili kukhomo, mutu uli pa miyendo ya mwana amene ankamudikirayo.

Pa maliro achimwene sanalire pamaso pa anthu, ndipo ndamva kuti ena akuti zimenezo zikusonyeza kuti chidani chinalipodi. Anene. Ine ndinaona zimene ndinaona, ndipo mtima wanga ukuwawa chifukwa cha onse awiri.

Ndinadutsako dzulo ku kanyumba kaja. Adzukulu anagawana kale ziwiya, njinga anatenga wina wa ku Mdeka, ndipo udzu wayamba kumera pa bwalo pamene panali poyera. M'kati mulibe kanthu koma fumbi ndi zitosi za mbuzi, chifukwa mbuzi za pamudzi zimalowamo kubisala dzuwa. Mmodzi wa adzukuluwo anafuna kukhoma chitseko ndi waya, achimwene anamupempha kuti achisiye kaye. Mwala uja udakali pomwe tinauika. Ukaima pamene panali mphasa umaona njira yonse, kudutsa njanji mpaka pa siteji pamene amatsikira anthu ochokera ku Chileka.